Magata a Bambo Gwedeza ndi Mtengo wa Mango wa Aneba

Panali munthu wina ku Mponela, a Gwedeza, wamtali moti polowa m'nyumba za anzawo ankayamba aweramitsa mutu. Anagwira ntchito ya ukalaliki zaka makumi atatu. Atapuma anamanga nyumba ya njerwa zootcha, ya malata, yokhala ndi khonde lalitali loyang'ana kumsewu. Ankakhalamo awiriwiri ndi akazi awo, a Nachisale, poti ana onse anali atakula n'kukayamba maanja awo.

Chaka choyamba mvula inawaphunzitsa kanthu. Madzi otsika padenga ankagwera m'tsinde mwa khoma, kukumba nthaka ndi kuthovukira pakhonde, mpaka maziko anayamba kuonekera ngati mano a nkhalamba. A Nachisale anati nyumbayo ikufunika magata, ngalande zija amapachika m'mphepete mwa malata kuti zilandire madzi n'kuwatsitsira m'paipi. Anatinso pansi pa paipiyo aikepo mgolo, kuti madzi ochapira asamachite kukawatunga kumjigo.

A Gwedeza anapita kumsika, kwa mmisiri wa zitini amene ankasula ndowa, mbaula ndi makheni othirira mbewu. Mmisiriyo anawaonetsa magata a mitundu iwiri. Ena anali otakasuka, akuya, osapentedwa, ooneka ngati modyera nkhumba. Ena anali ang'onoang'ono, osalala, openta obiriwira. Anawafotokozera kuti denga lalikulu limatsitsa madzi ambiri, choncho limafuna gata lalikulu. A Gwedeza anamvetsera bwinobwino mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, kenako analoza obiriwira aja. Anati nyumba yawo ili m'mbali mwa msewu, ndipo anthu odutsa ali ndi maso.

Tsiku lopachika litafika, mmisiri anakoka chingwe mopendekeka pang'ono kulowera kumene kunali paipi. A Gwedeza anaima patali, natsinzina diso limodzi, n'kumuuza kuti chingwe chakhota. Mmisiri anati n'zadala, chifukwa madzi sayenda pamalo pofanana, amangogona pomwepo. Iwo anayankha kuti zaka makumi atatu mu ofesi sanalembepo mzere wokhota, ndiye sayambira panyumba pawo. Mmisiri anawongola chingwe. Amati apachike kasefa pakamwa pa paipi, iwo n'kuti kasefa n'ka kukhitchini.

Pomanga zida zake panjinga, mmisiri ananena mawu omaliza:

“Bambo, magatawa muziwatsuka kawiri pachaka, mvula isanayambe ndiponso ikatha. Gata silisankha. Chogweramo chilichonse limasunga.”

A Gwedeza anamuthokoza mwaulemu, n'kupita tsidya lina la msewu kukaona mmene nyumba ikuonekera. Inkaoneka bwino ndithu.

Tsono m'chilimwe chomwecho a Gwedeza anayamba kufooka ndi kumva ludzu losatha. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Namwino anawauza zoyenera kudya ndi zoyenera kusiya, koma powauzapo ankayang'ana kwa a Nachisale, poti anaona yekha kuti m'nyumbamo wosunga lamulo ndani. Kuyambira tsiku limenelo tiyi anali wopanda shuga, ufa unali mgaiwa, ndipo chitini cha shuga chinasamukira m'sutikesi yokiya. A Nachisale sankachita izi mwankhanza. Ankafuna kuti amuna awo akhale ndi moyo, ndipo ankafunitsitsa kwambiri moti amunawo ankasowa popumira.

A Gwedeza anapirira milungu itatu. Mlungu wachinayi, akazi awo ali kumsika kumene ankagulitsa kaunjika, pamsewu panadutsa munthu atamanga mtolo wa nzimbe panjinga. A Gwedeza anangoti amufunse mtengo. Atamva mtengo anati angoona ngati nzimbe za chaka chino zakhwima. Pomwe ankazindikira, anali atakhala pakhonde, mpeni m'manja, pansi pali mulu wa makoko ndi zolavula.

Apa ndi pamene panabuka vuto. A Nachisale ankasesa okha pabwalo m'mawa uliwonse, ndipo ankadziwa chitsotso chilichonse kumene chachokera. Kudzenje la zinyalala ankapitako okha. Kuchimbudzi kunali kotheka, koma njira yake inkadutsa pafupi ndi mpanda wa aneba, a Nagama, mayi wamasiye amene ankakhala tsiku lonse pansi pa mtengo wawo wa mango akusoka. A Nagama ndi a Nachisale anali paubwenzi wa zaka zambiri, wobwerekana mchere ndi kuuzana zonse. Munthu sakanadutsa pamenepo atafumbata makoko a nzimbe nkhani osafika kumsika dzuwa lisanapendeke.

A Gwedeza anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, kenako anayang'ana kumwamba. Anaimirira, natambasula dzanja lawo lalitali lija, n'kuponya zonse m'gata. Zinalowa bwinobwino, ndipo pansi sizinkaoneka. Mumtima anati dzuwa liziumitsa, mphepo iziulutsa, nkhani ithera pomwepo.

Mawa lake wanjinga anadutsanso. Mkuja wake anachita kuima yekha pageti osaitanidwa.

Zinapita choncho kuyambira Juni mpaka Novembala. Malo amodzi akadzaza, a Gwedeza ankasuntha mpando wawo pang'ono n'kuyamba pena. A Nachisale ataona mpando ukuyenda pakhonde mwezi ndi mwezi, anaganiza kuti amuna awo akutsatira mthunzi. Ataona njuchi zikuzungulira m'mphepete mwa denga anafunsa, ndipo a Gwedeza anafotokoza mwaukadaulo kuti njuchi zimakopeka ndi penti wobiriwira. Nyerere nazo zinalambula msewu wawo kukwera khoma. Anati nyerere zimatero mvula ikayandikira.

Chosafotokozeka chinali cha kuchipatala. Mwezi uliwonse shuga ankapezeka wokwera. Namwino ankadabwa, a Gwedeza ankadabwa nawo, ndipo kudabwa kwawo kunkaposa kwa namwino. A Nachisale ankabwerera kunyumba ali khuma, akudziimba mlandu kuti mwina pali chimene akulakwitsa pophika. Anachotsa mbatata. Anachotsa nthochi. Pomaliza iwonso anasiya shuga m'tiyi, ati si bwino mnzako akuvutika iwe n'kumanyambita milomo pamaso pake. A Gwedeza anaona zimenezi, zinawakhudza, ndipo tsiku limenelo anagula nzimbe imodzi yokha.

Mvula yoyamba inangowaza fumbi. Yachiwiri inabwera masana a Lachitatu, yamphamvu, yosaona nkhope. Madzi anatsika padenga, nafika m'gata, napeza malo onse ali ndi eni ake. Ena anasefukira kutsogolo n'kugwa pakhonde ngati mathithi. Ena anabwerera kumbuyo, nalowa pansi pa malata, natsetsereka m'khoma mpaka m'chipinda mmene a Nachisale ankasungamo mabelo a kaunjika. Mgolo umene unali pansi pa paipi unalandira timadontho tofiirira tosakwana kusambitsa mwanapiye.

A Nachisale anabwera kuchokera kumsika atanyowa, napeza katundu wawo akuyandama. Anaima pakhonde, manja m'chiuno, n'kufunsa kuti magata aja anawagulira chiyani. Maso a a Gwedeza anayendayenda kufuna pothawira, mpaka anakagwera pa nthambi imodzi ya mango a a Nagama imene inadutsa mpanda n'kuyandikira ngodya ya denga.

“Ndi masamba awo,” anatero. “Mtengo uwo ndiwo watseka paipi.”

Iwo ankangofuna kupulumuka masana amenewo okha. Sanadziwe kuti mawu akatuluka amamera miyendo.

A Nachisale anapita kumpanda nthawi yomweyo. Anayamba bwino, koma munthu amene katundu wake wanyowa salankhula bwino nthawi yaitali. A Nagama anati nthambiyo ndi imodzi, ndipo masamba ake ambiri amagwera kwawo. A Nachisale anati ndiye kuti amuna awo ndi abodza? A Nagama anati sanatero. A Nachisale anati atero. Pofika madzulo, mbale imene inabwerekedwa chaka chatha inali itabwezedwa, ndipo sefa ya ufa imene ankagwiritsa ntchito mosinthana inali itadziwa mwini wake.

A Gwedeza anaganiza zokonza zinthu mwakachetechete. Koma mpata unasowa, chifukwa a Nachisale sankapitanso kumsika. Ankakhala pabwalo tsiku lonse akuyanika zovala, kuzianula mvula ikayamba, ndi kuziyanikanso ikakata. Tsiku lina akazi awo atapita kumjigo, a Gwedeza anapisa dzanja m'gata, napeza zinthu zitagwirana ngati dothi loumbira njerwa, ndipo zambiri zinali zitatsikira m'paipi mosafika dzanja. Makwerero analibe, poti munthu wamtali saganiza zogula makwerero. A Nachisale atanena zoitana mmisiri uja, iwo anakana kwamtuwagalu. Anati munthu amene ankafuna kupachika magata okhota sangamukhulupirirenso.

Akulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Inagwa Lachisanu, inagwa Loweruka, inagwanso Lolemba. Penti wa m'chipinda anatupa n'kuyamba kusupuka. Pakhoma panaoneka mng'alu woonda ngati ulusi, mawa lake unali ngati chingwe. Pakhonde panayamba kumveka kafungo kowawasa, konga ka mowa wamasese. A Gwedeza anati masamba a mango akaola amanunkha choncho. A Nachisale anakanena kumpanda kuti kudula nthambi yokha sikukwanira, mtengo wonse uchoke, apo ayi nkhaniyi ipita kwa akuluakulu a dera.

Mtengowo anaubzala ndi malemu amuna a a Nagama chaka chimene anagula malowo. Unali wa mango a boloma, akuluakulu, ndipo chaka chimenecho unabereka mpaka nthambi kuchita kuchirikizidwa ndi mitengo. Mango akapsa a Nagama ankawagulitsa pamsewu, ndipo ndiwo ankawagulira feteleza. Aliyense ankayembekeza kuti mayiyo alimbalimba. Koma anagona nayo nkhaniyo masiku awiri, kenako anatumiza mawu kuti avomera. Anati mtengo ukhoza kubzalidwa wina, koma iwo ndi munthu wokhala yekha, ndipo akadzadwala sudzabwera mtengo kudzawaphikira phala.

Uthengawu unawasowetsa mtendere a Gwedeza kuposa mmene mkangano unkachitira. Munthu wokana ukhoza kumukwiyira. Wovomera umuchita chiyani?

Loweruka m'mawa kunacha bwino. Kunabwera munthu wodula mitengo ndi nkhwangwa ndi chingwe. Anazungulira mtengo, nayeza kumene ugwere, n'kukhala pansi kunola nkhwangwa yake pamwala. A Gwedeza anakhala pakhonde atatsegula nyuzipepala yakale, koma ankangomva kulira kwa mwala uja.

Kenako a Nagama analowa pageti atanyamula beseni. Munali mango oyamba kupsa, okwana khumi ndi angapo. Anagwada pang'ono, naika beseni pamaso pa a Nachisale.

“Anzanga, awa ndi omaliza a mtengo uja. Ndati tilawe tonse, tisasiyane ndi chidani. Koma abambowa musawapatse, paja shuga. Ine ndimawamvera chisoni ndi kuwasirira pamodzi. Miyezi yonseyi osalawa kanthu kotsekemera, amuna opirira chotere ndi ochepa.”

A Nachisale anayang'ana kumbali. Kuseri kwa mpanda nkhwangwa inalira kamodzi pa tsinde la mtengo, ndipo mango awiri aawisi anagwa pansi.

A Gwedeza anapinda nyuzipepala. Anaimirira ndi msinkhu wawo wonse, nayenda mpaka kumpanda, n'kuuza wodula mitengo kuti ayambe wadikira. Kenako anatembenukira kwa a Nagama, ndipo mawu awo anatuluka aang'ono kusiyana ndi mwini wake:

“Mayi, tandibwerekani makwerero aja mumathyolera mango.”

Makwerero anabwera, naimikidwa pakhoma. A Gwedeza anavula jekete, napinda manja a shati, n'kupempha akazi awo kuti agwire makwererowo ndipo abweretse ndowa. Anakwera pang'onopang'ono, osati chifukwa cha ukalamba, koma ngati munthu wopita kubwalo la milandu. Atafika pamwamba anaona zimene miyezi isanu ndi umodzi inachita. Gata lonse, kuyambira uku mpaka uko, linali lodzaza mpaka m'milomo. Ndipo pakati pake, pamene panali mpando mwezi wa Okutobala, mfundo zina za nzimbe zimene ankazitaya chifukwa cholimba zinali zitamera. Zinatulutsa masamba obiriwira, athanzi, otalika ngati chikhatho.

Anazula imodzi, naitsitsira pansi.

A Nachisale anailandira ndi dzanja limodzi, lina lili pa makwerero. Anaiyang'ana mizu, anaiyang'ana masamba, anainunkhiza. Kenako inatsika ntchintchi yoyamba ya makoko ndi zolavula, mano a mwini wake akuonekera bwinobwino pa chilichonse. Wodula mitengo anabwera kudzasuzumira m'ndowa, nabwerera msanga kukaima kuseri kwa mtengo, ndipo mapewa ake ankaoneka akugwedezeka.

Woyamba kulankhula anali a Nagama.

“Mtengo wanga wabereka zambiri pa zaka zonsezi,” anatero mofatsa, “koma nzimbe sunayambe waberekapo.”

A Gwedeza anayang'ana pansi, naona nkhope ya akazi awo, ndipo anazindikira kuti munthu amene wagwira makwerero ndi yemweyo amene anamwa tiyi wopanda shuga miyezi itatu chifukwa cha iwo.

“Nachisale, mwagwira?”

“Ndagwiritsa, bambo, musaope. Ndikufuna mutsike muli amoyo, chifukwa tili ndi nkhani. Koma simutsika musanamalize. Yambirani uko.”

Zinatuluka ndowa zisanu ndi ziwiri. Paipi anachita kuimasula n'kuisokosa ndi nsungwi, ndipo zimene zinatulukamo zinali zitasasa moti nkhuku zimene zinatola zinayenda mokhotakhota mpaka masana. Masamba a mango analimodi, tisaname. A Gwedeza anawaika padera mosamala, poganiza kuti mwina angawathandize pamlandu. Onse pamodzi anakwana m'dzanja limodzi. Atawayang'ana kachiwiri anangowaponya m'ndowa.

Atatsika anapepesa a Nagama poyera, wodula mitengo akumva, ndipo anthu awiri atatu amene anaima pamsewu akumvanso. A Nachisale anapepesa mnzawo akulira, pakati pa kulirako n'kuyamba kuseka, ndipo a Nagama anawathandiza zonse ziwiri. Bala la nkhwangwa analimata ndi dothi, mtengo unachira. Nkhani ija a Nachisale anati tili nayo inakambidwa m'nyumba, chitseko chotseka, ndipo ine sindinaliko. Chimene ndikudziwa n'chakuti Lolemba a Gwedeza anapita okha kumsika kukaitana mmisiri. Anapachika magata otakasuka aja, opendekeka kulowera kupaipi, ndi kasefa pakamwa pake, ndipo mwini nyumba sanatsinzine diso. Mwezi wotsatira namwino anapeza shuga atatsika, nafunsa chimene asintha pa kadyedwe. A Nachisale anayankha kuti angotsuka magata.

Abale anga, nkhani yathera pamenepo. Sindikunena za malata.

Aliyense wa ife ali ndi malo ena pamwamba pamene amaponyapo zimene safuna kuti a m'nyumba mwake azione. Chilimwe chonse zimakhala bwino, ndipo odutsa pamsewu amayamikira penti. Koma dzinja limabwera kwa aliyense. Likafika, madzi sanyowetsa woponya yekha. Amanyowetsa katundu wa mkazi wake, amang'amba khoma la ana ake, ndipo chifukwa kuloza n'kopepuka kuposa kukwera, amakagwetsa mtengo wa munthu wosalakwa. Mwina mnzanu amene mwamukwiyirayo ali ndi masamba ake m'gata mwanu, sindikukana. Koma kodi mwawayeza? Ndi ndowa zisanu ndi ziwiri, kapena ndi dzanja limodzi?

Ndiye inu amene mwabwera muno mutanola kale nkhwangwa mumtima, tayambani mwaitsamiritsa pakhoma. Pitani kwa yemweyo mukufuna kumudulira mtengo, mukabwereke makwerero. Kukwera n'kochititsa manyazi, ndipo pansi padzakhala anthu oonerera. Koma manyaziwo ndi a tsiku limodzi, pamene mtengo wa mango ukagwa, sudzukanso ngakhale mupepese chaka chonse.